Buku lanu akukulungira mandasi, achimwene

Achimwene, lero ndanyansidwa mpaka chakudya chandikanika. Ndinagula mandasi pa boda, mayi wogulitsa n'kundikulungira m'pepala long'ambidwa m'buku. Nditayang'anitsitsa, ndinaona kalembedwe kanu kopendekera kaja, ka pensulo, m'mphepete mwa pepalalo, mafuta atalowerera. Ndi buku lija la nthano yaitali, lokhuthala ngati njerwa, limene mlembi wake munkamutchula mutavula chipewa. Pogawana katundu maliro anu atatha, abale ankalimbirana njinga ndi matilesi, ine n'kundiuza kuti mabuku asungidwa bwino kumudzi kwa Zulu. Kusunga kwake n'kumeneku?

Ndikukumbuka tsiku limene ndinafuna kukubwezerani bukuli pa siteji ya minibasi pa Boma. Ndinkadandaula kuti mayina achuluka, ziganizo sizikutha, mwina mutu wanga ndi wochepa. Munaseka n'kundikankhira bukulo pachifuwa: "Iwe ndi nkhawa zakozo! Uwu ndi msewu wa dzinja, galimoto ikatitimira usatsike. Koma usasuzumire kumapeto, tidzawerenga limodzi." Ndinamvera, ndipo pang'onopang'ono linayamba kundikoma, mpaka munalitenganso kuti muzikawerenga m'chipatala. Lero ndagula mapepala onse otsala kwa mayiwo, ndawayala pa tebulo motsatira manambala ake, ndayang'ana mobwerezabwereza. Mutu womaliza palibe, achimwene. Mayiwo akuti mapepala akumapeto anatha dzulo, anadyera madalaivala a mathiraki opita ku Chipata.