Gitala Yolira ku Kaporo

Nditatumizidwa kukagwira ntchito ya unamwino ku Uliwa, ndinalibe mnzanga. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo anthu akayamba kucheza m'Chitumbuka ndinkangomwetulira ngati ndikumva. Ndikaweruka ndinkaima pa golosale ya bambo wina wa ku Mangochi, poti iyeyo ndiye tinkamvana.

Tsiku lina ndikugula sopo, pa kawailesi kake panamveka gitala yachilendo. Inkalira pang'onopang'ono ngati munthu wotopa ndi maliro, kenaka n'kukalipa mwadzidzidzi, ng'oma n'kuilondola pambuyo. Woimbayo anali ndi mawu osasa.

"Achimwene, akuimbawa ndi ndani?"

"Ndi bandi ya ku Boma, chemwali. Akuti ndi bluzi yosakaniza ndi roko. Mawuwo ndi Chinkhonde, ine sindimva, koma ikalira anthu sachoka pakhondepa."

Anandiikira nyimbo zisanu mu foni. Yachitatu ndinkaimvera pochapa, posita yunifolomu, ngakhale popita kuntchito. Mumtima ndinagamula kuti ndi yachikondi, ya mwamuna wothawidwa ndi mkazi.

Chaka chotsatira, madzi atasefukira ku Kaporo, ndinamva kuti bandiyo ikaimbira anthu amene anathawira pasukulu ina. Linali Loweruka masana. Ndinakwera minibasi ziwiri, kotsalako n'kuyenda pansi m'matope.

Ndinkayembekezera anyamata a tsitsi lopota. Ndinapeza mkulu wamfupi waimvi, atavala jekete yomukulira, akumangirira waya wa gitala ndi mphira. Ankayendetsa mathiraki a ku Tanzania, akuti nyimbozi anazidziwira m'maulendomo. Pa ng'oma panakhala mayi wojintcha, chitenje atachimanga m'chiuno. Jenereta inakana kawiri, kachitatu n'kulira.

Atayamba nyimbo yanga ija, anthu anasiya kuvina. Mkuluyo anatsinzina, chala chikukoka waya umodzi mpaka gitala inachita ngati ikuyankhula. Amayi amene anaima pafupi nane anayamba kupukuta misozi.

"Amama, nyimboyi ikuti chiyani?" ndinawafunsa.

Anandiyankha m'Chichewa chawo chosakaniza. "Akuti mtsinje unabwera n'kutenga mpunga, n'kutenga ng'ombe, n'kutenganso mng'ono wa woimbayu. Ndiye akuufunsa kuti wakhuta kapena ubweranso." Kenaka anawonjezera kuti, "Ine wanditengera nyumba."

Ndinachita manyazi. Chaka chathunthu ndinkaiimbira mluzu nyimboyo ndikuyanika zovala. Ndinawagwira dzanja amayiwo, iwo sanalichotse mpaka nyimbo inatha.

Kenaka bandi inatembenuza, n'kuyamba yothamanga. Amayi omwewo anandikokera pakati, tinavina matope akuthovukira m'miyendo, ana akutiseka.

Pomaliza ndinapita kukamupatsa moni mkulu uja.

"Kwanu n'kuti, amayi?"

"Ku Dedza, bambo."

"Aa! Nyimbo zathu zafika mpaka ku Dedza?"

"Ayi, zafika pa Uliwa basi."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipempha kuti ndimugwirire gitalayo pamene ankakulunga mawaya. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira.