Mkuzi Umene Amayi Anamanga ku Lewisham

Amayi anabwera ku London kudzandilerera mwana, ndipo chaka chomwecho mwanayo anatsala pang'ono kutchedwa mfiti. Nthawiyo ndinkagwira ntchito yaunesi ku Lewisham, mashifiti osinthasintha, bambo wa mwanayo titasiyana kale. Mwana wanga wamkaziyo anali ndi zaka zinayi. Chichewa ankamva bwinobwino koma ankayankha m'Chingerezi, zomwe zinkawatopetsa agogo akewo. Ankati, "Mwanayu ndikamulankhula amandiyankha ngati wailesi."

Sipanapite nthawi anzanga anayamba kusiya ana awo kwathu akamapita kuntchito. Amayi sankakana. Ankati kukhala m'fulati tsiku lonse, n'kumayang'ana mvula pawindo, n'kudzikalambitsa dala. Mmodzi mwa obweretsa anawo anali mtsikana wongokwatiwa kumene, wofatsa mpaka kukukwiyitsa, amene anabwera kuno pa viza ya mwamuna wake. Mwamunayo anali mkulu wa mpingo kumene tinkapemphera, mu holo ina yobwereka ku Barking. Popemphera ankakweza mawu kuposa aliyense, ndipo mkazi wakeyo foni ikangolira ankadzidzimuka.

Khanda lawo silinkanenepa. Tsiku lina ndili pomwepo, ndikusita yunifolomu, mtsikanayo anatulutsa ulusi wakuda m'chikwama n'kupempha amayi kuti alimange mkuzi. Kwathu imeneyo si nkhani. Mwana amamangidwa kachingwe m'chiuno, kakayamba kuthina ndiye kuti akukula, kakamakhwepa ndiye kuti pali vuto. Ine ndinakula nako, mwana wanganso anali nako ali wakhanda. Amayi anapota ulusiwo pantchafu, n'kumanga, n'kulowetsa chala kuyesa mpata. Munalibe mankhwala aliwonse, ngakhale kamtengo. Mtsikanayo anati, "Koma bambo ake asaone. Thewera ndimasintha ndekha, iwo sakhudzako."

M'nyengo yozizira khandalo linadwala chifuwa, ndipo kuchipatala anapita onse awiri, mkazi ndi mwamuna. Nesi wachizungu polivula anaona kachingweko n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndikukhulupirira kuti ankangofuna kudziwa ngati sikakulithina. Mwamunayo anatembenukira mkazi wake, ndipo mkaziyo anati sakudziwa, mwanayu amaswera kwa agogo aja.

Khandalo linachira patangopita masiku ochepa. Koma Lamlungu lotsatira, mu holo ija, mzere wa mipando umene tinakhalapo unali wathu tokha. Nthawi yopatsana moni itakwana, aliyense anapeza chofunafuna m'chikwama. Amayi anali atakazinga mandasi monga mwa masiku onse, ndipo tinabwerera nawo odzaza beseni. Sabata yomweyo mafoni anayamba kulira, uyu akuti wasintha shifiti, uyu akuti mlamu wake wabwera ndiye azimusungira mwana. Pofika Lachisanu m'nyumba munatsala mwana wanga yekha.

Kenako anthu anayamba kukumbukira. Mayi wina amene anapita padera anakumbukira kuti amayi anamuuzapo kuti wanenepa. Bambo wina amene mapepala ake okhalira m'dziko muno anakanidwa ku ofesi ya boma ku Croydon anakumbukira kuti sabata imeneyo anadya mandasi athu. Wina analota amayi ataima pamwamba pa wodirobu yake. Osati mbuli ayi, awa anali manesi anzanga, anthu odziwa kuwerenga mulingo wa mankhwala, ena a madigiri awiriawiri. Ine ndine wapakamwa, ndinawatukwana mumtima ndi pafoni pomwe, koma aliyense amene ndinkamukalipira ankangoti, "Ifenso tangomva."

Mnzanga wina wa ku Zambia ndi amene anandiuza zotsala. Tinakumana m'sitima ya District, ndipo asanakhale pafupi nane anayamba wayang'ana uku ndi uku. Anati, "Sisi, bakamba ati bamayi banu ni mfwiti, iyo mwamvela kudala. Manje bayamba kukamba na za mwana. Ati agona nabo bedi imozi, so bamupunzisa."

Masiku amenewo kwathu kunali kutadzaza nkhani zoti mfiti zikuphunzitsa ana, ndipo kuno nako manyuzipepala ankalemba za ana a ku Africa ozunzidwa chifukwa chowaganizira ufiti. Ndinkaopa mbali ziwiri. Ndinkaopa manja a anthu opempherawo pamutu pa mwana wanga, ndinkaopanso kuti wina angoimba foni imodzi ku boma, abwere a zosamalira ana, amve mawu oti ufiti m'nyumba mwa munthu wakuda, amutenge mwanayo. Galimoto yachilendo ikaima panja pa fulati, ndinkathamangira pawindo kukasuzumira.

Ndinawauza amayi kuti ndikaulula zonse, kuti ulusi uja unabwera ndi mwini mwana. Anali akupinda zovala ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ukanena, mwamuna wake amumenya," anatero. "Akamaliza amukweza ndege, khanda atsala nalo iye. Ukhala wapulumutsa ndani?"

"Mwana wanga."

"Ukuganiza kuti akangomva zoona basi asiya? Iwe unali wamng'ono, sukukumbukira."

Ndinkakumbukira pang'ono. M'nthawi ya chipani chimodzi bambo anali mphunzitsi, ndipo wina anakanena kuti amamvera wailesi ya kumayiko a kum'mawa, choncho ndi wachikomyunizimu. M'dera lathu lonse panalibe amene akanatha kufotokoza kuti chikomyunizimucho n'chiyani. Amayi akuti poyamba ankayesa kuti ndi mpingo. Koma anthu atangomva, nawonso anayamba kukumbukira: kuti bambo sankaomba m'manja mokwanira pamisonkhano, kuti anasunga ndevu, kuti tsiku lina anaseka pamene ena sankaseka. Anawatenga. Ndimakumbukira anzanga akuitanidwa ndi amayi awo ndikangofika pabwalo losewerera. Bambo anabwerako patapita zaka, mano atatha m'kamwa, ndipo sanakhalitse. Ndinakula ndikudziwa kuti anakana mlanduwo mpaka mapeto, ndipo ndinkanyadira zimenezo.

Amayi abusa anaimba foni pakati pa sabata. Ndi mawu okoma ngati uchi anati Lamlungu tikaweruka padzakhala kukambirana, tibwere tonse ndi mwana yemwe. Ndinati sitibwera. Anati, "Sister, ndi bwino tithane nazo ngati banja. Ena akufuna kuimbira a social, a boma osamalira ana aja, ine ndi amene ndikuwaletsa." Wina angafunse kuti bwanji sitinangosiya mpingowo. Anthu amenewo ndi omwe ndinkagwira nawo ntchito m'mawodi, ndi omwe akanasonkha kuti mtembo wanga upite kumudzi ndikanafera kuno, ndiponso kusapita kukanakhala kuvomera. Choncho tinapita.

Mapemphero atatha anaika mipando mozungulira, yathu itatu pakati. Patebulo panali kachingwe kaja m'kapepala ka pulasitiki, ndipo palibe amene ankakatchula mkuzi, onse ankati chithumwa. Mtsikana uja anakhala pambali pa mwamuna wake, maso ali pansi, akugwedeza khanda lomwe linali litagona kale.

Mwamunayo ndi amene ankafunsa. Amayi atanena kuti ndi ulusi chabe, iye anati mfiti siivomera. Atakhala chete, wina kumbuyo anati taonani kuuma mtima. Atapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, wina anati mzimu wayamba kuwatsutsa. Yankho lililonse linkagwera m'dengu limodzi. Ine ndinaimirira kuti ndilankhule ndipo anandiuza kuti mwana sangakhale mboni ya amayi ake.

Ndiye amayi abusa anagwada patsogolo pa mwana wanga, n'kumupatsa switi, n'kumufunsa m'Chingerezi kuti agogo amapita naye kuti ine ndikakhala kuntchito. Mwanayo anasangalala kuti wafunsidwa. Anafotokoza kuti amakwera sitima yopanda woyendetsa, amakhala kutsogolo kwenikweni, imayenda m'mwamba kupitirira madenga a nyumba, ndipo agogo amati asandiuze.

Ine ndinaseka. Imeneyo ndi sitima yaing'ono ija yochokera ku Lewisham, imene imayendadi yokha pamilatho, ndipo chobisika chinali tchipisi chimene amayi ankamugulira ine nditaletsa. Mu holo monsemo munalibe munthu amene sanaikwerepo. Koma ndinaseka ndekha. Mayi wina anagwira pakamwa. Wina anayamba kulankhula malilime, ena n'kumutsatira, mipando ikukankhidwa. Ndinaona nkhope za anthu amene ndinadya nawo Khirisimasi, ndipo sindinaone chiwembu, ndinaona mantha enieni. Zimenezo ndi zomwe zinandiopsa koposa.

Mkulu wa mpingo uja anatulutsa kabotolo ka mafuta. Anati, "Mwamva nokha. Mwanayu wayamba kale kuuluka. Atsale kwa abusa, asale kudya, mpaka chituluke."

Manja anayamba kutambasukira kwa ife. Ndinamukumbatira mwanayo mwamphamvu mpaka analira, switi n'kugwa. Ndinayang'ana chitseko ndipo panali pataima amuna awiri. Ndinayang'ana mtsikana uja, iye anandiyang'ananso, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndimutchule.

Amayi ananditsina pantchafu. Anatsika pampando pang'onopang'ono, chifukwa mawondo ankawavuta, n'kugwada pansi pozizirapo.

"Musiyeni mwanayo," anatero. "Ndine. Ndinali ndekha."

Amayi anapitiriza ndi mawu osanjenjemera. Anati ufitiwo anabwera nawo kuchokera kumudzi. Anati mwanayu anayesadi kumuphunzitsa koma zinakanika, chifukwa mayi wake amapemphera kwambiri ndipo mwanayo ndi wotetezedwa, sadziwa kanthu. Anati khanda lija analimanga okha, mwini wake osadziwa. Mkulu uja anafunsa kuti ankachita ndi ndani kuno ku London, ndipo ndinaona azimayi angapo akuuma pamipando, chifukwa ana awonso anali atamangidwapo mikuzi m'nyumba mwanga. Amayi anati anzawo onse anafera kumudzi. Anati atopa, akufuna kumasulidwa.

Sindinaonepo anthu akupepukidwa chotero. Analira, anaimba, ena anakumbatirana. Anawazungulira amayi n'kuwasanjika manja, akuwakankha mutu uku ndi uku, mafuta akutsikira m'maso. Duku linagwa, imvi zawo zonse zinaonekera pagulu, ndipo wina analiponda. Mwana wanga anaiwalika. Amayi abusa anabwera kudzandigwira dzanja n'kunena kuti ndithokoze, mwana wanga wapulumuka. Ndinachita manyazi, ndinakwiya, komanso ndinamva mtima ukutsika, ndipo zitatuzo sindinathe kuzilekanitsa.

Amayi anabwerera kumudzi mwezi wotsatira, ndipo mbiri inali itawatsogolera kale pa mafoni. Mpaka imfa yawo panali abale ena amene sankalola kuti ana awo adye m'nyumba mwawo. Ine ndinasamukira kumpoto kwa mzinda ndipo mu holo ija sindinapondemonso. Koma zimene zimandibwerera kawirikawiri ndi za madzulo omwewo, tikudikira sitima pa Barking.

Kunkazizira. Mwana anali atagona paphewa panga, amayi akumanganso duku lodetsedwalo. Ndinali nditadzigwira njira yonse kuchokera ku holo, ndipo pamenepo ndinaphulika.

"Mwanamiranji? Mwadzipaka matope pamaso pa anthu opusa aja. Bambo anavutika zaka zonse zija osavomera bodza, inu lero mwavomera ngati mukupereka moni."

Anamaliza kumanga dukulo, n'kulikonza kumbuyo.

"Bambo ako sanavomere, n'zoona," anatero. "Ndinavomera ndine."

Sindinamve bwino, ndipo anabwereza. Anati bambo atagwidwa, achinyamata a chipani anabwera kudzanena kuti nyumba ya woukira imaotchedwa ndipo banja lonse limapita. Anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Amayi anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti inde, mwamuna wawo ndi wachikomyunizimu, anamumva ndi makutu awo, ankachita yekha, ana sadziwa kanthu. Anthu anaomba m'manja ndipo nyumba inatsala.

"Mawu ake ndi omwewo, sasintha," anatero. "Amafuna munthu mmodzi agwade kuti iwo akagone. Nthawi ija mwana anali iwe."

Sitima inali ikulowa, anthu akusendera kutsogolo. Ndinafunsa ngati bambo anadzamva zimenezo atatuluka.

"Kumva kwa ndani?" anatero amayi, akutola chikwama. "Anali pomwepo, atamangidwa manja, akundiyang'ana."