Tambala wa a Overtone

Lyton Kamwaza anakulira ku Dedza, kumene munthu akabwereka khasu amasiya nkhwangwa yake. Ku Doha ankalondera pageti la nyumba ina ku Al Hilal. M'mwezi wa Juni, dzuwa likuwamba mchenga, iye ankavalabe juzi m'mamawa poti kwawo inali nyengo ya chisanu.

Chaka chimene maiko oyandikana anatsekera Qatar malire, msuweni wake Overtone, dalaivala, anali m'ndende atagunda mpanda wa eni. Mdzukulu wa Overtone, Atuweni, namwino ku Dubai, anapeza mwamuna. Koma chinkhoswe sichikanatheka popanda Overtone, mwini mbumba wolandira tambala, ndipo akuchimuna anayamba kunena kuti atopa kudikira.

Lyton anasita shati napita kwa mkulu wa ndende.

"Bwana, ndabwera kudzabwereka a Overtone. Loweruka ndi Lamulungu basi."

"Kubwereka?"

"Ndidzawabweza. Pakadali pano nditsekereni ineyo. Msinkhu ndi umodzi, ndipo sindidya kwambiri."

Mkuluyo anaitana anzake awiri kuti adzamve nawo. Lyton anafotokozanso, bulangete lili m'khwapa.

"Akupita kuti?"

"Ku Dubai, bwana. Pafupi pompa."

"Habibi, mnzanga, ngakhale ine sindingapiteko. Msewu ngotseka, mlengalenga motseka. Ngamila zomwe azibweza pamalire."

"Ndiye tonse tili m'kati," anatero Lyton mwaulemu. "Kusiyana kwake n'kotani akatuluka?"

Anamupatsa tiyi, namuperekeza mpaka pageti.

Tsiku loona akaidi, Lyton anafika ndi nkhuku ya mufiriji yochokera ku Turkey, imene akuchimuna anamutuma pafoni kuti agule. Anaikweza pagalasi lowalekanitsa, madzi akudontha m'zigongono.

Overtone anaiyang'anitsitsa. "Aphiri, ameneyu ndi tambala?"

"Mutu anadula, achimwene."

"Nanga lipombo? Miyendo ili kuti? Ine mbumba yanga siipita ndi nkhuku yosadziwika."

"Ndafunsa mwini sitolo, wati inshallah ndi tambala."

Mlonda wa ndende analoza wotchi. Kenaka Overtone anapukuta dzanja pamalaya a ukaidi, naligunditsa pagalasi pamene panali chidale cha nkhukuyo.

"Kawauzeni kuti ndalandira. Mwanayo asamalidwe. Koma akadzakangana, asadzandifune Lachisanu, kuno satsegula."