Nkhuku ya Alendo a Vinsenti Woyera

Mai Edna anabadwira ku Bembeke, m'banja la anthu a tchalitchi. Sukulu anailekezera panjira, koma mbiri ya Vinsenti Woyera ankaidziwa ngati ya malume awo: kuti ali mwana ankaweta nkhumba za bambo ake, kuti atakhala wansembe anakumana ndi mayi wamasiye dzina lake Luiza, ndipo awiriwa anayambitsa gulu la masisitere osadzitsekera kumpanda, oyenda m'misewu ndi miphika ya msuzi kufunafuna odwala ndi ana otayidwa. Akadali mtsikana analowa bungwe la a Vinsenti pa parishi pawo. Loweruka ankasenza ufa ndi sopo kupita kwa nkhalamba, awiriawiri, akubwereza mawu a woyerayo akuti amphawi ndiwo mabwana athu. Mawuwo ankatuluka mosavuta nthawi imeneyo, poti dengu linali pamutu pawo.

Ku Dublin, m'dziko la Ireland, anatsatira amuna awo, a Wilbroad, amene ankanyamula katundu ku eyapoti. Mai Edna anapeza ntchito yokolopa maofesi kudera la Santry, ndipo zaka zingapo zinthu zinkayendako. Kenako chuma cha dziko chinagwa. Maofesi anayamba kutsekedwa limodzilimodzi mpaka anawauza kuti azibwera kawiri kokha pa sabata. Mashifiti a a Wilbroad anatheratu. Mu Disembala wa 2010 sinowo, chipale chofewa chija, inagwa yosaneneka, koma hita yotenthetsera m'nyumba ankaiyatsa m'mawa mokha pomuveka mwana wawo Tupochele. Mwanayo atayamba chifuwa chosamva mankhwala, Mai Edna anaimba foni ku bungwe la a Vinsenti la kuno kupempha thandizo. Anawayankha kuti anthu awiri abwera Lachinayi madzulo kudzaona mmene akukhalira.

Lachinayilo analawirira kukolopa. Anabwereka makapu ndi nsalu ya patebulo kwa Getrude wa fulati yoyandikana, hita anaiyatsa kuyambira masana, natulutsa nkhuku imene ankasungira Khirisimasi.

"Amake Tupo, mukuphikira ndani?" anafunsa a Wilbroad. "Anthu akubwera kudzaona ngati tili ndi njala, inu mukuwakazingira nkhuku?"

"Ndiye alendo alowe m'nyumba mwanga, atuluke kukamwa kuli gwa? Mai anga atamva angati ndinaleredwa ndi ndani?"

"Si paja mumati amphawi ndi mabwana? Lero bwana ndinu. Khalani pansi akutumikireni."

"Bwana wake uti wogona ndi majekete awiri? Tandipatsirani anyeziwo."

Alendo anafika: Bambo Aloysius, mkulu wamtali amene kale ankayendetsa basi, ndi Mai Evelyn, ovala magalasi a chingwe. Chakudya anayamba akana, koma Mai Edna anali atagwada kale ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda. Anasamba m'manja akuyang'anana, nadya mpunga ndi nkhuku ija. Bambo Aloysius anavula chikhoti n'kunena kuti, "Muno ndiye mwafunda, kuposa kwanga."

Mai Evelyn anafunsa mofatsa kuti zinthu zikuyenda bwanji masiku ano.

"Tili bwino, Mulungu akutisunga," anatero Mai Edna, poti kwathu mlendo umamuyankha choncho ngakhale m'mimba mukulira. A Wilbroad anayang'ana kudenga.

Atamva kuti ku Malawi kulinso a Vinsenti, Bambo Aloysius anasangalala ngati apeza m'bale. Mai Edna lilime linamasuka. Anafotokoza za madengu a Loweruka, za Luiza Woyera amene ankasamala ana a eni pomwe mtima uli kwa mwana wake yekhayo, amene anamudetsa nkhawa zaka zambiri. Nkhani inakoma, nthawi n'kutha. Alendo anaimirira, nati kudakali nyumba zina kumene zinthu zafika poipa.

"Inu mukuyesetsa ndithu," anatero Mai Evelyn. "Zikadzathina mudzatiimbirenso."

Mai Edna anawaperekeza, monga mlendo amaperekezedwa. Chikepe chinali chakufa, ndiye anatsika masitepe mwakachetechete, Mai Edna pambuyo, atavala masilipasi. Pa sitepe iliyonse ankati anene, pakamwa osatseguka. Kwawo amene ankalandira ufa sankafunika kunena kanthu, denga lodontha linkawanenera. Kuno khoma ndi lopaka penti, umphawi mpaka uutchule wekha.

Panja mphepo inawamenya m'miyendo. Mai Evelyn anali atatsegula kale chitseko cha galimoto.

"Mayi," anatero Mai Edna, maso ali pa sinowo. "Nkhuku mwadya ija inali yomaliza. Makapu aja ndi a eni. Hita ija ndikangokwera ndikukaizimitsa, ndipo mwana akutsokomola sabata yachitatu ino."

Mai Evelyn anatseka chitseko chija pang'onopang'ono.

"Tiyeni tikwerenso," anatero.

Anakwera, mkulu uja akupuma mwawefuwefu pa kona iliyonse. A Wilbroad anawatsegulira ali ndi mbale yosatsuka m'manja, osafunsa kanthu. Mai Edna anapita molunjika kukhitchini, natsegula firiji, n'kuima pambali kuti alendo aone okha.