Phala Lopanda Nimu

Chimene sindinamvetse pa Virginia Zimba, amene tonse tinkamutchula kuti NyaZimba, n'chakuti munthu angaononge bwanji ndi manja ake ntchito imene ankaikonda chotero. Tinakhala moyandikana ku Chama zaka zambiri, koma funsoli ndikadali nalo.

Mwamuna wake, Meshack Goma, anaphunzira kusoka mabuku ku mishoni komwe inenso ndinaphunzira. Ine ndinatulukako ndi ntchito ya ukalaliki, iye anatulukako ndi chopanira mabuku: matabwa awiri ochindikala a mlombwa ndi chitsulo chopota, chimene wansembe wina wokalamba anamusiyira pobwerera kwawo. Poyamba ankangokonza Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo othothoka. Kenako anayamba kupanga mabuku oyera m'kati, oti munthu azilembamo zake. Zikuto zinali za chikopa cha mbuzi, zokhala ndi mizere yotukuka pamsana ngati mabuku akale a kumishoni, ndipo pamwamba ankajambulapo ndi msomali wotentha, mwina mlambe, mwina njovu kapena chingalawa cha Nowa. Ena ankawakuta ndi chitenje. Aphunzitsi ndi anamwino ochokera kutauni ankawagula, komanso alendo odzaona nyama ku Chifunda.

Sindinganene kuti anali mabuku odabwitsa. Ena mapepala ake ankasiyana kutalika. Koma sankamatuka, ndipo chiswe sichinkawakhudza, chinthu chosowa m'chigwa muno. Imeneyo inali mbali ya NyaZimba. Iye ndiye ankasoka ndi kuphika phala lomatira, la ufa wa chinangwa, ndipo ankaliphika ndi madzi owiritsira masamba a nimu ndi fodya. Linali lowawa moti mphemvu sinkayandikira.

Meshack atamwalira, mng'ono wake Justin anabwera kuchokera ku Kambombo ndi ngolo, dothi la pamanda lisanaume. Anakweza njinga, mipando, zikopa, kenako chopanira chija.

"Alamu," anatero NyaZimba atagwada, "tengani mipando, tengani ndi mbuzi zomwe. Chopaniracho ndisiyireni, ndizidyetsera ana."

"Chinabwera pano ndi m'bale wanga, osati ndi inu. N'cha a Goma. Manje ngati mukuchisowa, muzibwera kudzachiona pogwira ntchito kwa ine."

Ananena izi akuseka, pamaso pa anamfedwa. Ine ndinamuuza mayiyo pambuyo pake kuti malamulo saloleza kulanda mkazi wamasiye, apite kukhoti. Iye anandiyankha kuti:

"A Ng'uni, khoti likandibwezera matabwa. Nanga kuseka kuja?"

Justin anatsegula kachipinda pafupi ndi msika, n'kulemba dzina la Goma pakhomo ndi zilembo zazikulu. Kusoka sankadziwa, ntchito yake inali kulandira anthu ndi kupota chitsulo. NyaZimba ankapita m'mawa uliwonse, nasoka, naphika phala, osayankha ngakhale Justin amutchule kuti wantchito pamaso pa ogula. Chilimwe chonse chinatha choncho. Ntchito inakongola kuposa kale, moti Justin anayamba kulandira mabuku a makwaya a ku Chikwa ndiponso oda yaikulu ya msasa wina wa alendo. Kutchalitchi amayi ankamutama NyaZimba kuti ndi chitsanzo cha kudzichepetsa. Ine sindinawonjezepo mawu, chifukwa sindinazolowere kutama munthu akadali ndi moyo.

Ndinapita nalo kumeneko buku la nyimbo la malemu amayi anga, limene msana wake unali utasweka. NyaZimba analitembenuza m'manja, n'kundibwezera.

"Ili likhoza kudikira, a Ng'uni. Kalisungeni."

Justin anamva. "Alamu, mukuthamangitsa anthu manje? Bweretsani kuno, achikulire, mawa lomweli likhala latsopano."

Ndinalisiya.

Mvula itayamba, nyumba zikuchita chinyezi, mabuku a Justin anayamba kudyeka. Mphemvu zinkalowa pansi pa chikopa n'kunyambita phala lonse mpaka chikuto kugwa chokha. Chiswe chinkakwera m'mabokosi, makoswe n'kumalizitsa. Msasa wa alendo unabweza katoni yodzaza zinyenyeswa. Mphunzitsi wina anapeza zimene analemba chaka chonse zitasanduka dothi. Buku la amayi anga linatsala masamba a pakati okha.

Amayi a kwaya ya ku Chikwa anayenda ulendo wonse uja n'kudzakhuthula zotsala zawo pakhomo pa Justin, msika wonse ukuonerera.

"A Goma, ife timati mumasoka mabuku," anakuwa mmodzi, "kani mumaphikira mphemvu chakudya!"

"Ndi mvula ya chaka chino, amayi."

"Mvula? Nanga mabuku a malemu mkulu wanu aja bwanji ali bwinobwino? Kwathu imagwa mosankha mabuku?"

Justin analowa m'kati, napisa chala mumphika wa phala, n'kulawa. Linali lotsekemera. Kuyambira tsiku loyamba NyaZimba sanathiremo nimu ngakhale tsamba limodzi. Ankathiramo uchi.

NyaZimba sanakane. Nditapita kwake ndi zotsala za buku langa ndinamupeza akupeta chimanga, ndipo sanasiye kupetako.

"Ndinakuuzani kuti lidikire," anatero.

"Langa lisiyeni. Amayi a ku Chikwa aja anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ana anganso sanalakwire munthu."

"Koma mwapha dzina la amuna anu. Ndani adzakhulupirirenso buku la Goma?"

Apo ndiye anaika lichero pansi. "Dzinalo linali litapachikidwa pakhomo pa wakuba. Bola life kusiyana n'kuti lizidyetsa Justin. Mwamuona mmene akuyendera manje pamsika? Aseke tione."

Ananena mosakweza mawu, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene wakhuta. Kumishoni anatiphunzitsa kuti kubwezera n'kwa Mulungu. Ndinangonyamula zotsala za buku langa n'kubwerera kwathu.

Justin sanapirire. Ana asukulu ankamuimba akamadutsa, ndipo palibe anamubweretseranso ngakhale kope long'ambika. Anafufuta dzina pakhomo paja, nakweza chopanira pa njinga, n'kukachigwetsa pabwalo pa NyaZimba osagogoda. Tsiku lomwelo anabwerera ku Kambombo kukalima chimanga.

Chopanira chinabwerera, koma ntchito sinabwerere. Anthu ankati amene wathira uchi kamodzi akhoza kuthiranso, ndipo sindikuona kuti ankalakwa. NyaZimba anachipukuta, nachidzoza mafuta, nadikira mpaka misewu itauma. M'mawa wina anachikulunga m'chitenje, n'kukwera lole ya thonje pamodzi ndi ana ake aakazi. Sanatsazike aliyense, ngakhale ine wa khomo loyandikana. Ena amati anatsikira ku Lundazi, ena amati anawolokera ku Malawi. Woyendetsa loleyo nditamufunsa anati sakukumbukira pamene mayiyo anatsikira.