Nyali Yoyaka Potsika Phiri

Patapita zaka ziwiri chimwalirireni mayi a kunyumba, njinga yanga yamoto inayamba kuvuta. Bondo langa lamanja silithanso kuponda kiki, choncho ndimadalira kabatani kolizira injini. M'mawa wina mu Juni ndinadina kabatani kaja, njinga n'kungoti zii.

Sabata yomweyo mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga woyamba, anali atabwereka njingayo kukagulitsa kachewere ku Chimbiya. Alamu anga aakazi, akulu ake a malemu mkazi wanga, sanachedwe kulumikiza zinthu ziwirizi.

"Alamu, mukugona inu. Batire lanu analisintha kumsika, anakuikirani lakufa."

"Munawaona?"

"Mpaka ndione? Munthu wabwera pamudzi pano ndi kachikwama kamodzi, lero akuvala jekete yachikopa!"

Nkhaniyi inafika kuchitsime, kenako kutchalitchi. Mkamwiniyo anayamba kunena zobwerera kwawo, ndipo mwana wanga ankabwera kudzandisesera pakhomo maso ali ofiira. Ine sindinaneneze munthu, pakuti sindinaone kanthu. Koma kiyi, amene ndinkangomusiya pawindo, ndinayamba kumusunga m'thumba.

Ndinakatchajitsa batire kwa ometa tsitsi. Linagwira masiku asanu ndi limodzi, n'kufanso. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anandikankhira njinga anzanga a m'limana, kagulu kathu kamapemphero, ndinapita kwa makanika wina ku Linthipe.

Anali munthu wonenepa, wokonda kuseka. Anatenga kamita kake ka mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, n'kuyeza batire. Analiza injini, nayeza koyilo imene imapanga moto. Anayezanso kabokosi kopititsa motowo ku batire, nakanda dzimbiri pawaya wogwira kuchitsulo. Kenako anakhala pachigubu.

"Madala, apa wodwala palibe. Batire ili ndi labwino, koma likugona ndi njala. Tandiuzani, mumayenda bwanji?"

Ndinamufotokozera. Petulo atayamba kusowa, ndinazolowera kuzimitsa injini ndikangochoka pakhomo. Kwathu n'kumtunda, ndiye njinga imatsetsereka yokha mpaka kumsewu wa tala. Popanda phokoso lija ndimatha kupemphera kolona yonse.

"Nanga nyali?"

"Chiyambire chifunga cha Juni, ndimayatsa. Ndingagunde ana a sukulu."

"Phazi lili pabuleki?"

"Njira yonse."

"Ndiye yakumbuyonso ikuyaka! Nanga pobwerera, mumathamangako?"

"Ndithamangirenji?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsanza ya mafuta. "Madala, inu mukupemphera, batire likulira! Potsika mukulikama, pokwera mukulipatsa madontho. Injini ikazima palibe chikulowa. Wina akanakugulitsani koyilo yatsopano lero lomwe."

Anandiuza kuti ndizisiya injini ikulira potsika, ndipo kamodzikamodzi ndiziyenda kamtunda pa tala mosaopa. Ndinatero milungu iwiri osauza munthu, kuti nditsimikize. Njinga inkalira m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku lozizira kwambiri.

Mkamwini ndinakamupeza kudimba akukumba kachewere wotsala. Atandiona anavula chipewa n'kunjuta patali, monga mwa ulemu wake. Ndinakhala pamzera ndi kumuuza zonse za makanika uja.

Anamvetsera akuyang'ana khasu. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Nanga inuyo apongozi, munakhulupirira?"

Kukanakhala kosavuta kunena kuti ayi.

"Sindinanene ndi pakamwa," ndinatero, "koma kiyi ndinabisa. Mundikhululukire."

"Ndinaona kuti pawindo palibe," anatero. "Ndamva, apongozi. Koma amene ananena pagulu ndi amayi aja."

Ankanena zoona. Tinanyamuka limodzi kupita kwa alamu, iye akutsalira m'mbuyo pang'ono. Tinawapeza akusankha nyemba pakhonde, pali amayi ena atatu, ndipo ndinafotokozanso pamaso pa onsewo, osasiyako kanthu.

Alamu anaika lichero pansi. "Ndiye wakuba moto uja ndinu, alamu?"

"Ndine."

"Mukupemphera kolona?"

Amayi aja anaphulika kuseka. Alamu sanapepese, sindinawamvepo akupepesa chiwadziwireni. Anangokuwira m'nyumba kuti wina abweretse mpando wa akamwini, n'kuwafunsa ngati chaka chino adzabzale kabichi kudimba lakumunsi lija.

Mkamwini anayankha kuti akafesa mbewu Loweruka.