Mpeni wa Pulaina ya Achimwene

Ndinadzuka kusanache, nditatsamira khoma la nyumba ya siwa. Amayi a mpingo anali akuimbabe, mawu atasasa, ndipo kuseri moto wophikira unali utayaka kale. Achimwene anga, amene tinkawaika tsiku limenelo, ndiwo anali kalipentala wa mudzi wathu kufupi ndi Mitande. Bokosi la mkazi wanga anakhoma ndi iwo.

Amuna awiri amene anaphunzira ntchito kwa iwo anayamba kupala matabwa a bokosi. Posakhalitsa mpeni wa pulaina unagunda msomali wobisika m'thabwa n'kuthyoka pakati. Kenako ndinamva nkhalamba ina ikunena kuti chitsulo cha mmisiri sichithyoka pachabe pa maliro ake, mwiniwake akukana kupita, alipo amene wamuchita chipongwe. Maso a anthu anayamba kutembenukira kwa alamu anga, mkazi wa malemuyo, amene kwawo ndi ku Cuamba ndipo kuno alibe wachibale. Ndinaonapo zimene anthu amachitira mkazi wotere.

Pulainayo ndi ya nthawi ya Apwitikizi, ndipo m'mudzi munalibe ina. Ndinakwera mota, njinga yamoto, kupita ku Mandimba kukafuna mpeni wina, zidutswa zili m'thumba. M'masitolo mipeni yonse inali yopapatiza. Dzuwa la Okutobala linali likukwera, ine ndikuganiza za thupi lili m'nyumba ya malata, ndi za alamu ali pakati pa anthu aja. Ndinkapemphera chamumtima.

Kumapeto kwa msika kuli bambo wachisilamu wogulitsa zitsulo zakale: maloko, nyundo zopanda mipini, macheka adzimbiri. Nditamufotokozera za maliro ndi bokosi, anafufuza m'saka mpaka anatulutsa pulaina yong'aluka, koma mpeni wake uli wathunthu. Anauyeza pa zidutswa zanga, unafanana.

"Ife timaika maliro m'sanda, osati m'bokosi," anatero, "koma thamangani bambo, dzuwa ili silidikira munthu."

Nditafika kumudzi, anthu anali atadzaza mpaka m'munda wa chinangwa, ena ochokera ku Ngauma, ena ku Malawi. Mpeniwo ndinaunola ndekha pamaso pa onse, ndipo pulaina inayamba kuyenda pa thabwa bwinobwino. Nkhalamba ija inayang'ana kumbali. Tinanyamula maliro masana, mphepo yotentha ikuulutsa fumbi, ndipo adzukulu anatsitsa bokosi m'manda popanda chovuta.

Madzulo anthu anabalalika. Ambiri anatsanzikana ndi ine, koma alamu anawalambalala. Amayi amene anayenera kugona nawo anapeza zifukwa zopitira kwawo. Nyumba inatsala zii. Nditaimirira kuti ndizipita, alamu anayankhula ali chozolika.

"Alamu, musapite. Ndikuopa."

Ndinayala mphasa pakhomo penipeni, kuti aliyense wobwera ayambe waponda ine.